Kukondwerera tsiku lobadwa la mnzanu ndi mpikisano wa agalu pakhomo ku Lusaka

Mpikisano wa agalu a mtundu wa greyhound sukwana n'komwe mphindi imodzi. Zitseko za mabokosi awo zikangotseguka, agalu 6 amazungulira bwalo la mchenga, mtunda wa mamita pafupifupi 480, m'masekondi 29 kapena 30, basi zatha. Kenako pamapita mphindi ngati 15 anthu akucheza, kudya ndi kutsutsana za galu amene apambane ulendo wotsatira. Kufupika kumeneku n'kumene kumachititsa kuti masewerawa ayenerane ndi phwando la tsiku lobadwa. Mukaika mpira, anthu amakhala maso pa TV mphindi 90, mwini tsiku n'kuiwalika pakona. Agalu amangobwereka theka la mphindi, nthawi yotsalayo n'kukhala ya mnzanuyo.

Kuno ku Lusaka kulibe bwalo la mpikisano wotere. Mabwalo ambiri ali ku England, ku Ireland ndi ku Australia. Komabe madzulo oterewa mutha kuwakonza pabwalo la nyumba ku Chilenje, ku Matero kapena ku Kabwata, pogwiritsa ntchito mavidiyo a mipikisano yeniyeni, zitsekerero za mabotolo m'malo mwa ndalama, ndi mbaula. Miyeso yonse ili m'munsiyi ndi ya anthu 12.

Mmene mpikisano umayendera

Okonza phwando ayambe amvetsa zimene zikuchitika pa sikirini, apo ayi alendo amangoona agalu akudutsa ngati mphepo osatolapo kanthu.

Ku England ndi ku Ireland galu aliyense amavala kajekete kokhala ndi nambala ya bokosi limene atulukire, ndipo mitundu yake sisintha. Nambala 1 ndi kofiira, 2 ka buluu, 3 koyera, 4 kakuda, 5 ka olenji, 6 ka mizere yakuda ndi yoyera. Bokosi 1 lili kufupi ndi mpanda wamkati, bokosi 6 lili kunja kwenikweni. Agaluwa amathamangitsa kalulu wachidole woyenda pa kanjanji, ndipo pali munthu amene amawongolera liwiro lake kuti akhalebe patsogolo. Kalulu wamakinayu anamupanga ndi Owen Patrick Smith wa ku America, ndipo bwalo loyamba linatsegulidwa ku Emeryville, California, mu 1919. Ku England masewerawa anayambira pa bwalo la Belle Vue ku Manchester pa 24 July 1926, bwalo limene linatsekedwa mu 2020.

Galu wa greyhound amafika liwiro la makilomita pafupifupi 70 pa ola. Pa liwiro limeneli mpikisano umadziwika pokhota poyamba. Agalu onse amafika pakonapo pafupifupi nthawi imodzi, aliyense akufuna njira yake. Ena amakonda kukhula mpanda wamkati, ena pakati, ena kunja. Amene wafika pakona ali patsogolo amadutsa popanda womugunda, pamene am'mbuyo amapanikizana n'kutaya liwiro. N'chifukwa chake odziwa masewerawa sayang'ana kalulu ayi, amayang'ana masekondi 5 oyambirira. Uzani alendo anu zimenezi ndipo aonera ndi maso ena. Kumapeto chimene chimawerengedwa ndi mphuno. Agalu amavala chotchinga kukamwa cha waya kapena pulasitiki kuti asalumane, ndipo awiri akafika limodzi, chithunzi cha pamzere n'chimene chimagamula.

Kusankha mavidiyo

Ntchito iyi mupatse munthu mmodzi, ndipo iyeyo asabetche nawo chifukwa akudziwa kale opambana. Afune mipikisano 9 pa YouTube: umodzi woyeserera ndi 8 ya madzulowo. Aikopere pa laputopu kapena pa fulashi kudakali masiku, pa wifi kapena pa bando ya usiku. Kudalira netiweki pa tsikulo n'kudziputira mavuto, chifukwa vidiyo ikaima agalu ali pakona, chisangalalo chonse chimathera pomwepo.

Mipikisano yonse ikhale ya ku England kapena ku Ireland. Ya ku Australia imakhala ndi agalu 8 ndipo mitundu ya majekete ndi ina, moti mukasakaniza anthu asokonezeka. Pewaninso agalu opangidwa ndi kompyuta, aja amaoneka m'masitolo obetchera. Kumeneko kulibe galu amene akuthamanga, ndi makina chabe osankha nambala.

Zimene zimawononga masewera nthawi zambiri ndi zitatu. Choyamba, mutu wa vidiyo umatchula galu wopambana. Sinthani maina a mafayilo akhale "Mpikisano 1", "Mpikisano 2" mpaka 8. Chachiwiri, mavidiyo ena amayamba ndi chithunzi cha wopambana atanyamulidwa chikho, choncho dulani chiyambicho, kapena lembani sekondi yoyambira. Chachitatu, wosankha amatha kutola mavidiyo amene galu wofiira wapambana kanayi osazindikira. Alendo akaona zimenezi onse amathamangira nambala imodzi. Onetsetsani kuti opambana amwazikana m'mabokosi osiyanasiyana, koma osati mwa ndondomeko yoti munthu angailote.

Wosankhayo aonere vidiyo iliyonse mpaka kumapeto. Agalu amagwa pokhota ndipo ena amathyoka miyendo. Imeneyi si nkhani yaing'ono. Kuvulala kwa agalu ndi tsogolo la amene asiya kuthamanga n'zimene zachititsa kuti masewerawa atsutsidwe m'maiko ambiri. Anthu a ku Florida anavota mu 2018 kuti athe, ndipo boma la New Zealand linalengeza mu December 2024 kuti liwathetsa. Vidiyo imene galu wagwa musaionetse paphwando, makamaka pali ana. Ndipo wina akanena kuti tiyeni tithamangitse agalu apakhomo pano ndi a oyandikana nawo, mukanizeni. Agalu osadziwana amalumana, ndipo simudziwa amene analandira katemera wa chiwewe.

Mpikisano womaliza ukhale waukulu. Fainolo ya English Greyhound Derby, imene kuyambira 2021 imachitikira ku Towcester pa mamita 500, kapena ya Irish Greyhound Derby ya ku Shelbourne Park mu Dublin, imakhala ndi chikhamu cha anthu ndi phokoso loyenera kutsekera madzulo.

Maina a agalu ndiwo mtima wa phwando

Apa m'pamene masewera a kutali amasanduka a mnzanu. Mipikisano 8 ya agalu 6 ikufuna maina 48. Alendo 12 aliyense apereke maina 4, kutatsala sabata, potumiza kwa wokonza yekha pa WhatsApp, osati pagulu pamene mwini tsiku angaone. Ngati mwini tsikuyo ali m'gulu la 12, maina ake 4 awapereke mkazi wake, mwamuna wake kapena m'bale. Dzina lililonse lichokere pa kanthu kena ka m'moyo wake: mudzi wa kwawo ku Katete kapena ku Petauke, dzina limene ankamutcha kusukulu, basi imene inamufikitsa ku Intercity tsiku loyamba, njinga yake yoyamba, ndiwo imene saiona kawiri. Maina ngati "Wa ku Chadiza", "Njinga Yopanda Buleki" kapena "Kapenta wa Lachisanu" amakwana bwino.

Lamulo lake n'lakuti galu akapambana, amene anapereka dzinalo aimirire n'kufotokoza nkhani yake kwa mphindi ziwiri. Pakutha pa madzulo mwini tsiku amakhala atamva nkhani 8 za moyo wake kuchokera kwa anthu omukonda, popanda kukakamiza aliyense kulankhula mawu a pamwambo, amene ambiri amachita nawo manyazi.

Wokonza asefe mainawa mosanyengerera. Chibwenzi chakale, ngongole, ntchito imene inatha moipa, matenda, zonsezi zichotsedwe ngakhale woperekayo alumbire kuti ndi nthabwala. Dzina limene lingaseketse anzake a kusukulu likhoza kumugwetsa nkhope pamaso pa apongozi. Ngati pagulupo pali ambuya ake Achibemba, chimbuya chili ndi malo ake ndipo chimakometsa, koma nawonso maina awo adutse mwa wokonza.

Lembani pepala la mipikisano: nambala ya mpikisano, nthawi, ndi agalu 6 ndi mitundu ya majekete awo. Sindikizani makope 12, kapena lembani ndi maka pa katoni yaikulu n'kukhoma pakhoma. Mavidiyo ambiri amaonetsa galu amene obetcha ankamuyembekezera kwambiri. Mutha kumuika kanyenyezi papepala. Zimapatsa anthu poyambira mkangano, ndipo siziwononga kanthu, chifukwa galu wotereyu amapambana pafupifupi kamodzi kokha pa mipikisano itatu.

Zitsekerero m'malo mwa kwacha

Munthu aliyense alandire zitsekerero 20. Pa anthu 12 ndi 240, ndiye yambani kutolera msanga. Pa shopu kapena pa bala yapafupi amazitaya tsiku lililonse, mukapempha amakusungirani. Zitsukeni, ziume, kenako chilichonse muchidonthezere kadontho ka penti wa zikhadabo, uja timangoti Cutex, mtundu umodzi. Musalumphe zimenezi. Paphwando pamatsegulidwa mabotolo usiku wonse, ndipo zitsekerero zopanda chizindikiro zimalowa m'masewera mwakachetechete. Pofika mpikisano wachisanu mumapeza wina ali ndi mulu umene sanaupambane. Nyemba kapena chimanga zili ndi vuto lomwelo, khitchini ili pafupi.

Patebulo ikani makapu kapena mbale 6, iliyonse ndi nambala ndi mtundu wake, ndi mbale ina yachisanu ndi chiwiri ya zotsala. Pakhale msungichuma wokhala ndi kope. Ajambule mizere, maina a anthu kutsika m'munsi, mipikisano 8 chopingasa. Munthu akabwera, msungichuma afunse momveka, "Alamu, mwaika pa galu uti, zingati?" alembe, kenako zitsekerero zilowe m'kapu. Zikalowa zisanalembedwe, mkangano wake sutha, pakuti zonse n'zofanana.

Pa mipikisano 7 yoyamba munthu asapyole zitsekerero 2. Atha kuika zonse pa galu mmodzi kapena kugawa pa awiri. Malire amenewa ali ndi chifukwa: ngakhale munthu ataluza ponseponse, amafika pa mpikisano womaliza ali ndi 6 m'manja. Popanda malire, wina amathira zonse pa mpikisano wachiwiri, n'kukhala wopanda chochita mpaka phwando kutha, ndipo ndi yemweyo amene amayamba kusowetsa anzake mtendere.

Kagawidwe kake n'kofananako ndi ka m'mabwalo enieni pa zenera lobetchera lotchedwa tote. Zitsekerero za m'makapu onse zimaphatikizidwa n'kugawidwa kwa amene anasankha wopambana. Tinene kuti zonse pamodzi ndi 24 ndipo wapambana galu woyera, amene m'kapu mwake munali 6. Gawani 24 ndi 6, yankho ndi 4. Aliyense alandira 4 pa chitsekerero chilichonse chimene anaika, moti amene anaika 2 atenga 8. Mukanakhala 5 m'kapumo, aliyense akanalandirabe 4 pa chimodzi, zomwe ndi 20, ndipo 4 zotsalazo zikanapita m'mbale ya zotsala. Ngati palibe amene anasankha wopambana, zonse 24 zipite m'mbale imeneyo kudikira mpikisano womaliza. Ngati wosankha mavidiyo ndi mmodzi wa anthu 12 aja, zitsekerero zake aperekeko kwa mwana kapena kwa agogo kuti amusewerere.

Pa madzulo oyamba khalani pa kubetcha kwa wopambana yekha. M'mabwalo enieni anthu amalotanso woyamba ndi wachiwiri motsatana, kapena atatu oyamba, koma pa agalu 6 njira zoterezi zilipo 30 ndi 120. Pagulu la anthu 12 nthawi zambiri palibe amene angalondole, ndipo msungichuma amangotuluka thukuta pachabe.

Padzapezeka wina wonena kuti zitsekerero n'zachibwana, tiikepo ka K20. Kanani, ndipo kanani poyambirira pomwe. Ndalama ikalowa, woluza amasiya kuseka, wosankha mavidiyo amayamba kukayikiridwa, ana sangasewerenso, ndipo phwando la mnzanu lasanduka njuga. Winanso adzatulutsa foni kuti abetche agalu a pa intaneti. Muonetseni masamu awa. Agalu 6 akakhala ofanana mphamvu, malipiro achilungamo pa K10 ndi K60. Kampani ikamalipira K50, munthu woika K10 pa galu aliyense wawononga K60 n'kubwezeredwa K50, ngakhale apambane galu uti. K10 yotsalayo ndiyo phindu la kampani, ndipo imadulidwa pa mpikisano uliwonse. M'makapu anu aja mulibe wodula, zonse 240 zimazungulira pakati panu.

Malo ndi magetsi

Konzani ngati kuti magetsi azima, chifukwa atha kuzimadi. Laputopu ikhale yodzaza, sipika ya Bluetooth yodzaza, ndi nyale ziwiri za sola, ina pa tebulo la msungichuma, ina pa mbaula. TV ya mainchesi 32 ya masiku ano imadya mawati pafupifupi 50, moti ka inveta kakang'ono ndi batire zimaikwanitsa madzulo onse, makamaka mukamaizimitsa pakati pa mipikisano. Yeserani chingwe cha HDMI dzulo lake, osati alendo atakhala kale.

Ngati mwabwereka pulojekita, nsalu yoyera ya pabedi yokokedwa bwino pakhoma imagwira ntchito, koma imafuna mdima. Dzuwa la ku Lusaka limalowa cha m'ma 18 koloko, mofulumirako mu June, mochedwerako mu January. Sikirini ikhale yokwera kuposa mitu ya anthu okhala pansi, chifukwa agalu akafika pokhota pomaliza aliyense amaimirira.

M'chilimwe mphepo ya kuno imakonda kuchokera kum'mawa. Mbaula muiike kumadzulo kwa pokhala anthu kuti utsi upite kutali, koma pamalo poti wootcha nyama aziona sikirini. Mu June ndi July uzani anthu abwere ndi majuzi ndi zitenje, ndipo konzani mbaula yachiwiri yoothera. Kuyambira November mpaka March khalani ndi khonde kapena chipinda chothawiramo mvula. Oyandikana nawo auzeni kudakali tsiku kuti kukhala kukuwa mpaka cha m'ma 22 koloko. Kuwaitana n'kwabwino koposa.

Chakudya

Anthu amafika ndi njala ndipo mipikisano inayi yoyamba imachitika chakudya chisanapse. Ikani patebulo zotolatola: mtedza wokazinga kilogalamu imodzi, chikanda chodulidwa timagawo, chinangwa chootcha kapena zitumbuwa. Zikhale zodya ndi dzanja limodzi, linalo lagwira zitsekerero.

Pa chakudya chenicheni gulani nkhuku 3, iliyonse muidule zidutswa 8 kuti munthu apeze ziwiri, ndi soseji kilogalamu imodzi ndi theka. Okonda michopo atha kusinthanitsa nkhuku imodzi ndi nyama ya mbuzi kilogalamu imodzi ndi theka. Nsima ya anthu 12 imafuna ufa makilogalamu awiri, ndipo ndi bwino kuphika m'mapoto awiri, chifukwa poto mmodzi wamkulu amavuta kuvundula ndipo nsima imatuluka ndi mibulu. Ndiwo zamasamba zikhale ziwiri, chibwabwa chotendera ndi kabichi kapena repu. Zimenezi phikani masana n'kungotenthetsa. Tomato, anyezi ndi masamba mukagula m'mawa ku Soweto Market mumapeza zambiri pa ndalama yomweyo kusiyana ndi kugula pang'onopang'ono pakantemba.

Malasha okwana makilogalamu 5 akwanira. Yatsani moto mphindi 40 nyama isanaikidwe, ndipo dikirani mpaka makala atuwe phulusa pamwamba. Nkhuku ikaikidwa pa malawi imapserera kunja mkati muli magazi. Ya mafupa imafuna mphindi 35 mpaka 45 pa moto wodekha, mukutembenuza pafupipafupi. Ngati wootcha ndi wosazolowera, yambani mwaiwiritsa mphindi 10 ndi mchere, adyo ndi anyezi, kenako imalizikire pamakala. Soseji iikidwe kumapeto, imapsa m'mphindi 15, ndipo musaibaye ndi foloko chifukwa mafuta amadontha n'kuyatsa malawi.

Zakumwa werengerani mabotolo atatu pa munthu, ndipo theka likhale losaledzeretsa: munkoyo, maheu, zoziziritsa kukhosi, ndi madzi malita 10. Msungichuma asamwe mowa mpaka mpikisano womaliza utagawidwa. Keke yozungulira ya masentimita 23 imakwanira anthu 12 mpaka 15. Ngati firiji siyodalirika, pewani keke ya kirimu wa mkaka, makamaka mu October, chifukwa imasungunuka isanafike nthawi yodula.

Zopereka tolerani pa Airtel Money kapena MTN MoMo kutatsala sabata, kwa munthu mmodzi, ndipo iye alembe pagulu zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Mwini tsiku asapereke kalikonse.

Kuyendetsa madzulo

Anthu ayambe kufika 18:00, nthawi yomwe moto ukuyatsidwa. Aliyense alandire zitsekerero zake pakhomo, m'kapepala kapena m'kathumba. Pa 18:30 fotokozani malamulo mwachidule n'kuonetsa mpikisano woyeserera. Anthu abetche ndithu, mugawe ndithu, kenako aliyense abwezeredwe zake. Anthu samvetsa kagawidwe pomva, amamvetsa akaona zitsekerero zikuwerengedwa m'manja mwawo.

Mipikisano inayi yoyamba ichitike 18:45, 19:00, 19:15 ndi 19:30. Nkhuku ikwere pamoto mpikisano woyamba ukamayamba, madzi a nsima aterekedwe cha m'ma 19:00. Kuyambira 19:40 mpaka 20:30 ndi nthawi ya chakudya, TV yozimitsa. Itatu yotsatira ikhale 20:30, 20:45 ndi 21:00. Keke 21:10, mpikisano womaliza 21:30.

Mphindi 15 za pakati zigaweni motere: ziwiri kugawa zitsekerero, ziwiri nkhani ya mwini dzina, zotsalazo kucheza ndi kubetcha. Kutatsala mphindi imodzi msungichuma amenye botolo ndi supuni n'kutseka kope. Wochedwa adikire wotsatira, ngakhale akhale amalume. Musatengeke n'kuonetsa mipikisano motsatizana chifukwa anthu akuti tiyeni tiyeni. Mavidiyo onse 8 pamodzi sakwana mphindi 5, ndipo mukawathamangitsa phwando limatha nkhuku isanapse.

Tsitsani mawu a vidiyo kuti kungomveka phokoso la khamu chapansipansi, chifukwa woulutsa wachingerezi amatchula maina enieni a agalu, osati anu aja. Woulutsa akhale wanu, munthu wa pakamwa pothwa, uja amatha kufotokoza mpira wa Nkana ndi Power Dynamos ngati ali pa wailesi. Asaonere mavidiyo pasadakhale, kudabwa kwake kukhale kwenikweni. Agalu akamalowetsedwa m'mabokosi awerenge maina onse 6 modekha. Zitseko zikatseguka asiye maina, agwire mitundu, chifukwa m'masekondi 30 lilime silingakwanitse maina ataliatali: "Watuluka wofiira! Wofiira patsogolo, wakuda akumununkhiza mchira, wamizere wadzera kunja, aise taonani wamizere!" Dzina la phwando alitchule galu atadutsa mzere. Agalu akafika mothinana, imitsani vidiyo ndi kuibwereza anthu adzionere, koma chigamulo ndi chimene wosankha mavidiyo analemba papepala n'kutsekera mu envulopu masewera asanayambe.

Keke ibwere mpikisano womaliza usanachitike, osati pambuyo pake. Wotsiriza ukangotha anthu amayamba kufunafuna nsapato ndi makiyi, ndipo nyimbo ya mwini tsiku imaimbidwa ndi anthu oimirira pageti. Pa 21:10 aliyense akadali pampando ndi zitsekerero m'manja. Zimitsani TV, yatsani makandulo potchinga mphepo, wamkulu pagulupo anene mawu kapena apemphere monga mwa mwambo wa banjalo, mphatso ziperekedwe.

Pa mpikisano womaliza malire achoke. Aliyense aike zimene akufuna, ndipo za m'mbale ya zotsala zithiridwe pamodzi ndi za m'makapu. Mwini tsiku ayambe ndiye kusankha, poyera. Ukatha, aliyense awerenge zake pamaso pa msungichuma. Zonse pamodzi, kuphatikizapo zotsala pogawa komaliza, zikwane 240. Amene ali ndi zambiri alandire kamphatso kuchokera m'manja mwa mwini tsiku: chitenje, kapu, kapena gawo lalikulu la keke yotsala. Amene wamwa asagwire chiwongolero. Itanani Yango kapena takisi yodziwika anthu akadali mkati mwa mpanda, ndipo amayi ndi atsikana opita kutali, ngati ku Chelstone kapena ku Kanyama, anyamuke oyamba ndipo asapite okhaokha.

Mukadzafika pa bwalo lenileni

Amene muli ndi abale ku England kapena ku Ireland mutha kudzatengedwa kukaonera ndi maso, ku Romford kum'mawa kwa London, ku Hove, ku Sheffield kapena ku Shelbourne Park. Zambiri mudzazizindikira. Pakhomo amapereka kapena kugulitsa kabuku ka mipikisano, ndipo m'menemo galu aliyense ali ndi mbiri ya mipikisano yake yapitayi m'zilembo zachidule. QAw ndiye kuti anatuluka msanga, SAw anachedwa kutuluka, Crd anapanikizidwa, Bmp anagundidwa, ALd anatsogola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chilembo W pafupi ndi dzina chimasonyeza galu wokonda kunja, ndipo otere amapatsidwa mabokosi akunja. Ku England magulu a agalu a mtunda wapakati amayambira pa A1, amene ndi othamanga koposa, nambala n'kumakwera liwiro likamatsika.

Mpikisano usanayambe agalu amayendetsedwa pamaso pa anthu. Tsikirani kumpanda mukawaone pafupi, chifuwa chakuya, mimba yopyapyala, ntchafu zolimba ngati mtengo, ndipo kamodzi kokha imani pomwepo pamene akudutsa kuti mumve mapazi awo pamchenga. Kubetcha n'kwa azaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo sikokakamiza. Ngati mwafuna, patulani ndalama yochepa musanalowe, khadi la kubanki likhale m'thumba. Pazenera mumatchula nambala ya bokosi, mtundu wa kubetcha ndi ndalama, ndipo tikiti muisunge mpaka zotsatira zitalengezedwa. Mabwalo ambiri amalola gulu la phwando kulipira kuti mpikisano umodzi utchedwe dzina la mwini tsiku, iye n'kukapereka chikho ndi kujambulitsa ndi galu wopambana, koma zimenezi ndi tebulo la kumalo odyera zimafunika kusungitsa kudakali masabata. Valani zofunda chifukwa kumpanda kumazizira ngakhale m'miyezi yawo yotentha, ndipo pojambula zimitsani fulashi ya foni, chifukwa kuwala kwake kumasokoneza agalu ndipo n'koletsedwa.